Escolinha ya ku Dómuè: zolemba za ntchito kuyambira Epulo mpaka Novembala

Zolembazi ndi za gulu lojambula ndi kuyang'anira ntchito yomanga sukulu ya mkaka, imene kuno timati escolinha, m'mudzi wina wa ku Dómuè m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Tikumanga zipinda ziwiri, chilichonse mamita 7 mulifupi ndi 8 mulitali, kachipinda kosungira katundu ka mamita 3 pakati pake, khonde, zimbudzi, khitchini yophikira phala ndi bwalo losewerera. Ana ake ndi 60, azaka 3 mpaka 5. Wotsogolera ndi arquitecta, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene ntchito yake ndi kujambula malo a ana. Omanga ndi a mestre, mmisiri wamkulu, ndi anyamata awo, pamodzi ndi makolo omwe akuthandiza kutunga madzi ndi kututa mchenga.

Epulo, sabata yoyamba

Tepi yoyezera tayamba kuigwiritsa pa ana, malo abwera pambuyo. Kwa masiku atatu arquitecta wakhala m'mawa wonse pansi pa mtengo wa mango pamene ana akuphunzirira pakadali pano. Mwana aliyense waimitsidwa pa thabwa n'kulembedwa msinkhu, pamene maso ake ali, pamene dzanja lake limafika akalitambasula m'mwamba, ndi kutalika kwa mwendo kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo atakhala. Matchati a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amaika mwana wa zaka 3 pa masentimita pafupifupi 95 ndipo wa zaka 5 pa 110. Angapo mwa athuwa ndi ofupikirapo, choncho miyeso yonse tatengera kwa aang'ono. Wamkulu amatha kuwerama, wamng'ono sangadzitalikitse.

Kuchokera pamenepa papezeka manambala omwe alamulire pulani yonse. Maso a ana ambiri ali pakati pa masentimita 80 ndi 100 kuchokera pansi. Zenera lomwe m'munsi mwake muli pa mita imodzi, monga amamangira m'sukulu za pulayimale, kwa iwo ndi khoma chabe. Aliyense wa m'gululi akafuna kugamula za zenera, mpopi kapena chogwirira cha chitseko, ayambe wagwada n'kukhala pa zidendene, aone kuchokera pamenepo. Lamuloli talipereka ndi kwa a mestre.

Maganizo amenewa si atsopano. Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy, atatsegula sukulu ya ana yotchedwa Casa dei Bambini ku San Lorenzo mumzinda wa Rome mu 1907, anapangitsa matebulo ndi mipando yaing'ono yoti mwana anyamule yekha. Chovuta n'chakuti pomanga, manja a mmisiri amabwerera okha ku miyeso ya akuluakulu ngati palibe womukumbutsa tsiku ndi tsiku.

Chinanso chomwe chaoneka pansi pa mango paja: pakati pa bwalo pamakhala popanda munthu kupatula nthawi ya fulaye. Ana amaunjikana pa mizu ya mtengo, m'mbali mwa khoma la tchalitchi, pa chitsa, paliponse pamene pali chotsamira kapena chokwerapo. Atsikana atatu anakhala ola lathunthu akuchita masanje pakati pa mizu iwiri, malo osakwana mita. Pulani iyenera kukhala ndi timakona totere tambiri.

Epulo, sabata yachitatu

Malo apereka ndi amfumu, anyakwawa ndi anthu a m'mudzi atagwirizana pa msonkhano monga lamulo la za malo la 1997 limafunira. Mapepala a DUAT, chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malo, akuyenda. Pulani ipita ku SDPI, ofesi ya boma yoona za mapulani ndi zomangamanga, ku Ulónguè, likulu la Angónia, kuti akaione asanapereke chilolezo chomangira.

Takumba maenje atatu oyesera dothi, lililonse lakuya mita imodzi. Pamwamba pali dothi lakuda la masentimita 25, pansi pake katondo wolimba. Malowa atsetserekera pang'ono chakum'mawa. Pali zinthu zitatu zoti zichoke ntchito isanayambe. Choyamba ndi chulu chomwe chili mamita 6 kuchokera pomwe pakhale ngodya yakumadzulo. Chikumbidwe mpaka pansi, make chiswe achotsedwe, dzenje likwiriridwe ndi katondo n'kutsinderedwa. Chachiwiri ndi mpanda wa nkhadze kumalire a kumpoto, chifukwa utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana umawotcha. Chachitatu ndi nsatsi zomwe zamera kudzala, poti njere zake zokongola zija mwana amaziika m'kamwa, ndipo ndi poizoni. M'malo mwa nkhadze tibzala vetiva m'mizere ndi kumanga mpanda wa nsungwi.

Meyi

Mwezi uno wathera pa funso limodzi: nyumba iyang'ane kuti? Ku Tete mumzinda kapena ku Moatize mdani ndi kutentha, ndipo wojambula amathawa dzuwa paliponse. Kuno kumapiri a Angónia n'kosiyana. Mu Juni ndi Julayi ana amafika m'mawa akunjenjemera, ena opanda juzi, mwera ukuwomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Mu Okutobala kumatentha. Nyumba imodzi iyenera kuchita bwino nyengo zonse ziwiri.

Tili pafupifupi madigiri 15 kum'mwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa la masana limakhala chakumpoto, litakwera madigiri 52 okha. Kumapeto kwa Okutobala limakhala paliwombo, ndipo mu Disembala limapendekera pang'ono chakum'mwera, pa madigiri 81. Choncho nyumba taiika motalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, khonde la mamita 2 kumpoto, mlomo wa denga pa mamita 2.4 kuchokera pansi pa khonde. Ndi miyeso imeneyi dzuwa la Juni lidzalowa mamita pafupifupi 1.9, kutanthauza kuti khonde lonse lidzakhala pothera dzuwa, ndipo aphunzitsi angatulutse mphasa n'kuphunzitsira pomwepo. Pofika Okutobala khonde lomwelo lidzakhala mumthunzi. Kum'mwera denga lituluke masentimita 60, zomwe zikukwanira kuphimba khoma lonse mu Disembala. Khoma lakumadzulo lilibe zenera.

Tinapanga kanyumba ka makatoni kokhala ndi denga lochotseka n'kupita nako ku msonkhano wa makolo, chifukwa mizere ya papepala ambiri saiwerenga. Pamenepo panabuka nkhani. Azibambo anakana mawindo otsika poopa akuba, azimayi anaopa kuti ana azitulukira pomwepo. Mantha onsewa ndi omveka. Tagwirizana kuti m'munsi mwa zenera mukhale pa masentimita 55, muikidwe zitsulo zoimirira, ndipo kunja kukhale zitseko zamatabwa zotsekera mkati madzulo. Magalasi sitiika m'munsi. Aikidwa m'mwamba mokha, kupitirira mamita 1.5.

Mpata wa pakati pa zitsulo ndi nkhani ya moyo. Muyeso wa ku Ulaya wa zoseweretsa ana, EN 1176, umaletsa mipata ya pakati pa mamilimita 89 ndi 230, chifukwa thupi la mwana limatha kudutsa koma mutu n'kutsalira, mwana n'kulendewera pakhosi. Umaletsanso timabowo ta mamilimita 8 mpaka 25 momwe chala chimalowa n'kukanirira. Si lamulo la dziko lino, koma mutu wa mwana wa ku Dómuè ndi wa ku Lisboa n'chimodzimodzi, ndiye tautenga. Zitsulo zathu zitalikirane mamilimita 80, ndipo pasakhale zopingasa zomwe zingasanduke makwerero. Wowotcherera tamupatsa kathabwa ka mamilimita 80 kuti aziika pakati akamawotcherera, asamayerekeze ndi maso.

Mawindo onse a chipinda chimodzi akukwana masikweya mita 11, gawo limodzi mwa magawo asanu a pansi pake, mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa. A kum'mwera ndi ocheperako.

Juni, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Njerwa zofunika ndi 30,000 kuphatikiza za zimbudzi ndi zosweka. Zawotchedwa mu uvuni ziwiri. Uvuni yoyamba yatuluka bwino. Yachiwiri moto unazima msanga mbali ya mwera, ndipo mizere itatu yakunja ndi yosapsa: ukazigundanitsa sizilira, ukagwetsa kuchokera m'chiuno zimaphwanyika. Zimenezi zapatulidwa kuti zikakwirire pansi. Zisalowe m'khoma ngakhale imodzi.

Maenje omwe munakumbidwa dothi la njerwa ali mamita 40 okha kuchokera pa sukulu, lina lakuya kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Mvula ikagwa amenewa amadzaza, ndipo mwana wa zaka zitatu amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo. Talemba m'pangano ndi komiti ya makolo kuti sukulu sidzatsegulidwa maenje asanakwiriridwe. Dothi lotuluka m'maziko ndi zidutswa zina za njerwa zikupita kumeneko.

Juni, sabata yachitatu

Kuika zingwe. Kunja kwa nyumba ndi mamita 19.92 ndi 7.46, choncho kuchokera ngodya kupita ngodya yopingasana nayo pazikhala mamita 21.27 mbali zonse ziwiri. Poyeza koyamba panali kusiyana kwa masentimita 11, chifukwa ngodya inatengedwa ndi sikweya yaing'ono ya kalipentala. Tabwereza ndi 3, 4, 5 pa tepi (3 mbali imodzi, 4 mbali ina, 5 mopingasa, ngodya n'kukhala yowongoka), ndipo kusiyana kwatsika kufika pa sentimita imodzi. Zikanasiyidwa, cholakwacho chikanaonekera pa malata.

Ngalande za maziko ndi masentimita 60 mulifupi, 70 kuya. Konkire yapansi ndi yokhuthala masentimita 20, muyeso wa 1:3:6 (simenti, mchenga, miyala), ndipo yatenga matumba 36 a makilogalamu 50. Kuyeza ndi fosholo taletsa. Kalipentala wakhoma bokosi la masentimita 33 mbali zonse, lomwe limalowa thumba limodzi la simenti, ndipo mchenga ndi miyala zikuyezedwa ndi lomwelo. Simenti ikuchokera ku Tete kudzera ku Mussacama, ndiye thumba lililonse lotayika ndi ulendo. Yasungidwa pa matabwa, osati pansi, mizere isapitirire matumba 10.

Julayi

Makoma akukwera. Pamwamba pa maziko tayala pulasitiki yakuda yochindikala kuti chinyezi chisakwere. Njerwa zikuviikidwa m'madzi zisanaikidwe, simenti ndi mchenga zomangira ndi 1:6. Tsiku lina anyamata anamanga mizere isanu ndi njerwa zouma chifukwa madzi anachedwa, ndipo m'mawa mwake simenti ya pakati inkafumbutuka ndi chala. Njerwa youma imamwa madzi a simenti isanagwire. Mizere isanuyo yagumulidwa.

M'makoma a mkati tasiya mapanga atatu m'chipinda chilichonse, masentimita 90 mulifupi, 90 m'mwamba, 45 kulowa mkati, khoma litakhuthalitsidwa pamenepo. Ndi yankho la mizu ya mango ija. Mwana wotopa ndi phokoso, kapena awiri ofuna kuchita masanje, adzalowa mmenemo aphunzitsi akuwaona. A mestre poyamba anayesa ndi makabati ndipo anafuna kuwaika pa mita imodzi. Ali pansi penipeni.

Pakhonde pali khoma lalifupi la masentimita 28 loti likhale mpando, chotsamira ndi poyendapo. Aldo van Eyck, amene anajambula mabwalo osewerera mazanamazana mu Amsterdam kuyambira 1947, ankagwiritsa ntchito zinthu zosavuta zotere, mphepete mwa dzenje la mchenga, miyala yodumphapo, zitsulo zopindika, zomwe sizimuuza mwana chochita. Kakhoma kamodzi lero ndi basi, mawa ndi sitolo.

Zitseko ndi masentimita 90 mulifupi ndipo zikutsegukira kunja, kuti pakachitika ngozi ana 30 akakankha chitseguke. Zikatseguka zikoloweke kukhoma ndi ndowe, mphepo isamazimenyetse. Chogwirira chili pa masentimita 75. Malo oopsa kwambiri pa chitseko ndi mbali ya mahinjesi, pomwe mwana amaika zala ataima kuyang'ana kunja. Chitseko chikatsekeka, mphamvu ya pamenepo imadula chala. Tikhomera lamba wa labala wa masentimita 15 kuchokera pansi mpaka mamita 1.2, mbali imodzi pa felemu, ina pa chitseko. Chubu chakale cha galimoto yaikulu chikugwira bwino ntchitoyi. Ngodya zonse za makoma zomwe zili pansi pa mamita 1.2 zizungulizidwe popaka pulasitala, botolo ndiye chikombole chake.

Ogasiti

Lintala yazungulira nyumba yonse: masentimita 23 ndi 20, zitsulo zinayi za mamilimita 10, zomangira za mamilimita 6 pa masentimita 20 aliwonse, konkire ya 1:2:4. Yathiriridwa masiku 7, itakutidwa ndi masaka onyowa.

Denga ndi pomwe sitikunyengerera. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete ndi kuwononga nyumba zambiri m'chigawo chino, ndipo ngakhale popanda namondwe, mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka. Denga limauluka chifukwa cha polumikizira pamodzi pofooka. Unyolo wake ndi uwu: lata ku mtanda, mtanda ku phaso, phaso ku lintala, lintala ku khoma. Zitsulo za mamilimita 6 zinamizidwa mu lintala isanaume, ndipo zapindidwa kukulunga phaso lililonse. Mtanda uliwonse wamangidwa ku phaso ndi lamba wachitsulo, osati msomali wokha. Mitanda yatalikirana masentimita 90 pakati pa denga, koma 60 m'mphepete ndi pakhonde pomwe mphepo imanyamulira. M'mphepetimo lata lakhomedwa pa msana uliwonse, pakati pa denga pa msana wachiwiri uliwonse, ndi misomali yopota yokhala ndi mawashala. Nsanamira za khonde zamangidwa ndi mabawuti ku zitsulo zomizidwa m'konkire, chifukwa khonde ndi lomwe limayamba kunyamuka.

Poyendera tapeza mapaso anayi pomwe chitsulo chinangopindidwa pamwamba osakulunga. Zakonzedwa malata asanakwere.

Phokoso la mvula pa malata limatseka mawu a mphunzitsi, ndipo ana aang'ono ena amalira. Masana a Okutobala lata limatentha, usiku wa Juni limazizira. Wojambula nyumba Diébédo Francis Kéré pa sukulu ya ku Gando ku Burkina Faso, yomwe inatha mu 2001 ndi kulandira mphoto ya Aga Khan mu 2004, anakweza denga lamalata pamwamba pa siling'i ya njerwa kuti mphepo izidutsa pakati. Ife tatengako mfundo yosiyanitsa lata ndi chipinda, koma Gando ndi kotentha, kuno kumazizira, ndiye sitingasiye mipata yosatsekeka. Siling'i yathu ndi mphasa za bango ziwiri zosanjikiza, zokhomedwa pa timitengo masentimita 20 pansi pa malata. M'mwamba mwa makoma aafupi muli tizenera totulutsa mpweya wotentha, totsekedwa ndi sefa yawaya kuti mileme ndi makoswe zisalowe, ndi kathabwa kotsekera nyengo yozizira. Poti bango ndi losachedwa kuyaka, m'zipindamu musalowe mbaula kapena kandulo.

Ogasiti, sabata yomaliza

Tili ndi ophunzira awiri omwe abwera ku estágio, kudzaphunzira ntchito poigwira, ndipo mafunso awo ndi oyenera kulembedwa, poti achinyamata ena a kuno amafunsanso zomwezo. Njira yodziwika yolowera ntchitoyi ndi Faculdade de Arquitectura e Planeamento Físico, gawo lophunzitsa kujambula nyumba la pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, lomwe linayamba mu 1986 ndipo José Forjaz analitsogolera zaka zambiri, kapena ku yunivesite ya UniLúrio ku Nampula. Kumeneko munthu amaphunzira kujambula, kuwerengera kulimba kwa nyumba, nyengo ndi mapulani a mizinda. Za ana amaziphunzirira pa malo ngati ano, kwa aphunzitsi a escolinha, kwa anamwino ndi kwa ana eni ake.

Kujambula kwenikweni ndi gawo laling'ono. Pa ntchito inoyi kwatenga masabata asanu mwa miyezi isanu ndi itatu. Nthawi yotsalayo ikupita ku misonkhano, kuwerengera zipangizo, kuyendera maofesi, kufotokozera mmisiri chifukwa chomwe mpopi uli pansi chonchi, ndi kubwerera kukayeza zomwe zamangidwa. Wojambula malo a ana ali ndi vuto lomwe anzake alibe: mwini nyumba weniweni sasaina pangano, sabwera ku msonkhano, ndipo sanganene kuti sitepe yatalika. Amangogwa. Ophunzira athu tawapatsa ntchito yoyenda nyumba yonse ndi timatabwa tiwiri, ka mamilimita 89 ndi ka 230, ndi ndodo ziwiri za mamilimita 8 ndi 25, kuyesa mpata uliwonse. Apeza malo asanu ndi awiri, kuphatikiza mpata wa pakati pa nsanamira ndi kakhoma ka pakhonde womwe tonse tinaudutsa osauona.

Seputembala

Pansi pa nyumba pakwera masentimita 30 kuchokera pabwalo. Zidutswa za njerwa zatsinderedwa, pamwamba pake mchenga, pulasitiki, kenako konkire ya masentimita 7.5 yomwe yatenga matumba 82 kuphatikiza khonde. Yadulidwa mizere pa mamita 3 aliwonse kuti ikafuna kung'aluka ing'alukire mmenemo. Pakhonde yasalazidwa ndi thabwa, osati chitsulo, chifukwa simenti yonyezimira ikanyowa imaterera. Masitepe ndi atatu a masentimita 10, popondapo 30. Pambali pali njira yotsetsereka ya mamita 3.6 mulitali ndi 1.2 mulifupi, kukwera sentimita imodzi pa 12 aliwonse, ya mwana wa njinga ya olumala kapena agogo operekeza mdzukulu.

Zimbudzi zatitengera nthawi kuposa momwe tinaganizira, ndipo n'zoyenera. Mwana akaopa chimbudzi amapita kuseri kwake, kapena amadzigwira tsiku lonse. Zomwe amaopa ndi ziwiri: mdima ndi bowo lalikulu. Chimbudzi cha paipi yotulutsa fungo chimagwira ntchito mkati mukakhala mdima, kuti ntchentche zithamangire kuwala kwa pamwamba pa paipi n'kukodwa pa sefa. Kwa ana zimenezi sizitheka. Tasankha kuwala, ndipo ntchentche tizitsekereza ndi chivundikiro chothina cha chogwirira chachitali, monga zilili pa silabu za latrina melhorada, zimbudzi zamakono za dzenje, zomwe anthu akuzidziwa kale. Chimbudzi cha aphunzitsi chokha ndi chomwe chili ndi paipi ya mamilimita 110, yotuluka masentimita 50 pamwamba pa denga.

Za ana ndi zinayi, chimodzi pa ana 15. Bowo ndi masentimita 12 mulifupi, popondapo payandikana kuti mwana asatang'adze, ndipo kukhoma kuli chitsulo chogwirira pa masentimita 45. Chitseko ndi chatheka, chofika masentimita 90, chopanda loko mkati, kuti mphunzitsi aone ndi kuthandiza. Chimodzi ndi chachikulu, chokhala ndi mpando. Dzenje ndi lakuya mamita 2.5, lomangidwa ndi njerwa zosiya mipata m'munsi, ndipo lili kumunsi kwa mjigo pa mtunda wa mamita 45, kupitirira 30 omwe amafunika. Silabu iliyonse isanaikidwe yaumitsidwa masiku 28 ndipo amuna asanu aimapo pamodzi. Imodzi inang'aluka poyesa chifukwa mchenga wake unali ndi dothi. Yaumbidwa ina ndi mchenga wotsuka. Pakhomo pali mipondagiya itatu, zigubu zili pa masentimita 60, pansi pake dzenje la miyala kuti pasachite matope.

Khitchini ili mamita 15 kuchokera ku zipinda, kumadzulo kuti utsi uzipita kutali. Yazunguliridwa ndi khoma la mita imodzi lokhala ndi kageti, ndipo phala lizigawidwa pa kazenera. Mphika wa phala lowira ndi mwana wothamanga zisakumane.

Okutobala

Mipando ndi matebulo akupanga akalipentala a ku Ulónguè. Misinkhu ndi iwiri: mpando wa masentimita 26 ndi tebulo la 46 kwa aang'ono, mpando wa 31 ndi tebulo la 53 kwa okulirapo. Khumi yoyamba yabwezedwa. Inali yolimba bwino koma yolemera moti mwana sakanainyamula, ndipo misomali inaonekera pansi. Mashelefu asapitirire masentimita 80 ndipo akhomeredwe kukhoma, poti mwana amakwera shelefu ngati makwerero.

M'mwamba mwa makoma tapaka laimu kuti muwale. M'munsi, kufika mamita 1.2, penti yosungunula ndi madzi yochapika. Penti ya oyilo yomwe pachitini sanalembe kuti mulibe mtovu sitikuilandira, makamaka yofiira ndi yachikasu, chifukwa ikayamba kusupuka ana amaidya ndi fumbi, ndipo mtovu umawononga ubongo. Khoma limodzi lili ndi bolodi la simenti yakuda kuyambira masentimita 30 mpaka 110, utali wonse wa chipinda, loti ana khumi alembepo nthawi imodzi.

Pabwalo, pakati tasiya poyera pa fulaye ndi gule. Zoseweretsa zili m'mbali. Chokwerapo sichipitirira mamita 1.2. Paliponse pomwe mwana angagwe kuchokera pamwamba pa masentimita 60 pali mchenga wa kumtsinje wosefa, wakuya masentimita 30, kufika mamita 1.5 kuzungulira. Mchenga wa kudambo wokhala ndi dothi umauma gwaa ngati simenti, sutchinjiriza. Katungwe ali payekha kumapeto, kuti wodutsa asamenyedwe. Mpando wake ndi wa labala, masentimita 40 kuchokera pansi, ndipo matcheni alowetsedwa m'paipi yothiririra kuti zala zisakanirire. Chotsetserekapo ndi cha simenti yosalala pa kachulu komwe taunjika, choyang'ana kum'mwera pansi pa mthunzi. Chachitsulo pa dzuwa la mwezi uno chikanawotcha ntchafu.

Matayala onse abooledwa pansi kuti madzi asaime n'kuswa udzudzu, ndipo omwe waya watulukira atayidwa. Mitengo ya bulugamu yasendedwa, yapalidwa, ndipo yakhazikidwa pa zitsulo kuti isakhudze dothi. Anyamata anafuna kuipaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe monga amachitira pa makola. Takana, poti manja omwe agwire pamenepo ndi omwe adyere phala.

Novembala, sabata yachiwiri

Mvula yoyamba yagwa, yamphepo. Denga silinasunthe ndipo silikudontha. Mkati munthu amatha kulankhula osakuwa. Mbali ya kumpoto ya denga, masikweya mita pafupifupi 126, ikuthira mu thanki ya malita 5,000. Mvula ya mamilimita 20 imapereka malita pafupifupi 2,000 tikachotsa otayika. Chivundikiro cha thanki chili ndi loko, mpopi uli pa masentimita 55.

Zolakwa zaonekanso. Kum'mwera, komwe kulibe gatala, madzi akumba kangalande m'mbali mwa khoma ndipo matope athimbirira pulasitala. Pakufunika kakhonde ka konkire ka masentimita 60 ndi ngalande yosaya, yotambalala, yoti phazi la mwana lisakodwe. Dzenje la mchenga pansi pa katungwe linasunga madzi tsiku lonse chifukwa katondo salowetsa madzi. Tichotsa mchenga, tiyale miyala ya masentimita 10 ndi kutulutsa kangalande kupita kumunsi.

Loweruka tinalowetsa ana 12 ndi aphunzitsi awo kwa maola awiri, ife titakhala pansi m'mbali ndi makope. Mapanga onse atatu anadzaza m'mphindi zochepa. Pa mawindo anaima n'kumaitana anzawo kunja. Aang'ono awiri analephera kutsegula mpopi wa thanki chifukwa ndi wolimba, usinthidwa ndi wa chogwirira chachitali. Ndowe zokolekapo zikwama pa masentimita 100 zatalika, zitsike kufika pa 85, ndipo nsonga zake ziyang'ane kukhoma, poti 85 ndi pamene pali maso. Pa njira yotsetsereka anathamanga kutsika n'kukathera pa ngodya ya kakhoma ka maluwa, choncho kakhomako kasunthidwa mita imodzi.

Zotsala: kakhonde ndi ngalande ya kum'mwera, miyala pansi pa katungwe, mpopi, ndowe, labala pa zitseko ziwiri za zimbudzi, kubzala vetiva ndi mitengo isanu ya mthunzi mvula ikakhazikika. Mwa maenje a njerwa awiri akwiriridwa, lalikulu lija latsala theka ndipo lili ndi madzi. Komiti yaika Lachiwiri ndi Lachinayi kuti makolo abwere ndi makasu ndi mawilibala, ndipo pakadali pano lazunguliridwa ndi minga. Tidzabweranso kudzayendera mu Febuluwale mvula ili pakati, ndi mu Juni kudzayeza pomwe dzuwa likufika pakhonde.